Sendemule ya Philip

Ifumbo, Chitipa
7 Marichi 1993

Okondedwa achimwene a Frackson,

Mwaghona uko ku Lilongwe? Alamu a Melissa ndi ana ali bwanji? Ife kuno tilipo. Mvula yagwa yokwanira, chimanga chabereka, ndipo ng'ombe yathu yofiira ija yaswa. Koma adada sali bwino. Chifuwa sichikuwasiya, ndipo akudya ngati kamwana. Kuchipatala ku Boma anawapatsa mapiritsi, koma ine ndikudziwa chimene chikuwadya. Ndi ng'oma ija.

Inu munafika maliro a Philip atatha, ndiye zambiri munangozimva patalipatali. Lero ndikuuzani zonse. Asilikali amene anabweretsa bokosi anangoti, "Mwana wanu wafera pa ntchito ku Mozambique," n'kutiuza kuti tisatsegule. Galimoto lawo litangokhota, a Aaron, tcheyamani wa chipani kuno, anaima pabwalo pathu n'kunena kuti dziko lino silili pa nkhondo ndi munthu aliyense, choncho palibe mwana wa muno amene angafere ku nkhondo. "Akakufunsani muziti malungo. Ng'oma isalire." Tangoganizani! Adada, amene aimbira ng'oma za gule wa sendemule pa maliro a anthu a dera lino kuyambira ife tisanabadwe, anaika mwana wawo m'manda chete, ngati tikukwirira mbuzi yofa yokha. Pochokera kumanda anatenga mpeni n'kung'amba chikopa cha ng'oma yawo yaikulu. Ili gone pakhonde mpaka lero, nkhuku zikuikiramo mazira. Kuyambira tsiku limenelo dzina la Philip silinatulukenso pakamwa pawo.

Sabata yatha ku mowa wina anati, "Msilikali wa kwa Simfukwe uja anagonja kwa udzudzu," anthu n'kuphulika kuseka. Adada anali pomwepo. Anabwerera kunyumba mutu uli pansi, ndipo sanadye.

Ine zinandikwana. Ndinapita kwa a Sichali, mkulu wa gule, n'kuwauza kuti mu Ogasiti, pokwana chaka, tikufuna sendemule pamanda a Philip. Osati nyimbo zolira ayi. Tikufuna nyimbo ya mkango, ija amaimbira munthu amene walanditsa anzake ku chilombo. A Sichali anandiyang'ana ngati ndaledzera. Akuti nyimbo imeneyo siimbidwa popanda mboni yoona ndi maso ake, ndipo chimene mudzi unamva ndi malungo basi.

Ine mmene anafera sindikudziwa, koma Philip ndimamudziwa. Munthu woti analumphira mu mtsinje wodzadza kukavuula mwana wa eni ake, ameneyo akafe atafunda bulangete? Yayi!

Ndiye achimwene, inu muli pafupi ndi maofesi. Tipezereni munthu mmodzi amene anali naye tsiku limenelo. Adada sindikuwaona kuti afika mvula ina. Asapite ng'oma yawo ili yong'ambika.

Ndine mlongo wanu,
Esnat

Lilongwe
29 Marichi 1993

Mlongo wanga Esnat,

Kalata yako ndailandira. Ife tonse tili bwino, ndipo tikuyamika chifukwa cha bata ndi mtendere zimene zili m'dziko muno.

Za chifuwa cha adada zandidetsa nkhawa. Ndatumiza shuga, sopo ndi bulangete kudzera kwa mayi Ruth, aja amabwera kudzapikula nyemba ku Boma. Uziwaphikira adada phala la mawere m'mawa, ndipo asamakhale pamphepo.

Za malemu, mng'ono wathu anamwalira ndi malungo monga anatiuzira akuluakulu, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Usamalembe zinthu zambirimbiri papepala. Kalata imadutsa m'manja ambiri isanafike kwa mwini wake. Ine ndili pa ntchito ya boma, ndipo ndili ndi ana. Komanso udzifunse bwino: bwanji zimene ukufuna kumvazo zitakhala zoipa kuposa malungo? Adada angazipirire?

Undiuze ngati denga la khola munalikonza.

Ine mlongo wako,
F. Simfukwe

Ifumbo, Chitipa
18 Epulo 1993

Achimwene,

Mwaghona, ngati anthu amantha amagona n'komwe.

Shuga tamwa, sopo tasamba, bulangete adada afunda. Yewo chomene. Denga la khola tinakonza, ng'ombe zikukupatsani moni. Koma kalata yanu ndaiwerenga kawiri konse kufunafuna dzina la Philip, osalipeza. "Malemu." "Mng'ono wathu." Kodi dzinalo likukuwotchani pakamwa? Ndipo mwasaina "F. Simfukwe" ngati mukulembera wokhometsa msonkho. Koma abale!

Mukuti mwina zimene ndikufuna kumva n'zoipa. Mukutanthauza kuti mwina anataya mfuti n'kuthawa, eti? Nenani poyera. Ngati anathawa, mboniyo idzanene, ine ndidzameza, ndipo adada ndidzawagwira ndi manja angawa. Koma bodza la a Aaron sindimeza. Landikhala pakhosi kuyambira chaka chatha.

A Aaronwo anamva kuti ndinapita kwa a Sichali. Anandipeza pachigayo, amayi ali pamzere, n'kundifunsa ngati ndikufuna kukaona kumene amapita anthu a pakamwa. Ndinawayankha kuti anyamule ufa wanga andiperekeze, chifukwa njira sindikuidziwa. Amayi onse anaseka n'kubisa nkhope m'zitenje. Mawuwo sindinawabweze.

Inu adada anakuphunzitsani ng'oma yachiwiri musanayambe n'komwe kuvala nsapato. Mukukumbukira mmene ankakumenyerani zala mukaphonya? Manja amenewo lero angodziwa kudinda sitampa. Zikundimvetsa chisoni, ndipo zikundipsetsa mtima.

Ngati pali wina amene akuwerenga kalata ino isanafike kwa mwini wake, moni bambo. Dzina langa ndine Esnat Namfukwe, ndimakhala ku Ifumbo, nyumba ya pafupi ndi mtengo wa mango waukulu. Mlongo wanga Philip sanafe ndi malungo.

Esnat

Ifumbo, Chitipa
27 Juni 1993

Achimwene a Frackson,

Kodi muli moyo? Epulo anatha, Meyi anadutsa, Juni uyu akupita, inu zii. Alamu a Melissa nawonso zii. Ngati kalata yanga ija inakulasani, bwezani mawu, munditukwane kumene, koma osangokhala chete chonchi. Nthawi zina ndimakwiya, nthawi zina ndimaopa kuti mwina ndinakuikani m'mavuto.

Kuno tinavota. Adada ndinawakweza panjinga ya mphunzitsi, anakaponya pa nyali ya zipani zambiri, ndipo pobwerera ananditsina pamsana kuti ndipalase msanga tikamve wailesi. Zotsatira zitamveka anyamata anavina pamsewu mpaka fumbi kobo. Ine ndinkaganiza kuti tsopano zathu zitheka. Ayi ndithu. A Aaron akuyendabe m'makomo, akuti mavoti sanachotse munthu pampando, amene ali ndi mphamvu akadali omwewo, ndipo akuona aliyense. Oimba ng'oma anzawo a adada, a Kayange ndi mphwawo, ayamba kundizemba. Ndikatulukira uku, iwo alowera uko. A Sichali akungoti, "Mboni, mwana wanga, mboni."

Ndiye Lachitatu mayi Ruth atsika basi ndi mtolo wonunkha, akuti wachokera kwa inu. Ine mtima phaa, ndati muli kalata. Kumasula, ndi chikopa cha ng'ombe! Chopanda ngakhale kapepala. Achimwene, mwapenga? Ng'ombe zatha ku Chitipa kuno kuti chikopa chichite kukwera basi kuchokera ku Lilongwe? Chikopa chakenso chopyapyala, cha ng'ombe yodya mapepala m'tauni. Ndinapempha munthu wa pakamwa, inu mukunditumizira nyama yosendedwa. Ngati ndi chipongwe, chafika.

Ndinafuna kuponyera agalu, koma adada anandiletsa. Anachitambasula pansi, kuchisisita, kuchinunkhiza, n'kufunsa kuti, "Watumiza ndi Frackson?" Nditavomera anangoti, "Thamangitsa nkhuku m'ng'omamo." Anachiviika m'madzi, ndipo dzulo tsiku lonse anali pakhonde akusema zikhomo zokungira. Akukhosomola, koma phala lawo amaliza lonse koyamba chaka chino. Ndawafunsa kuti aona chiyani pachikopapo, iwo akungosema zikhomo zawo.

Inu ndi adada anu mukundisokoneza mutu. Lembani.

Mlongo wanu,
Esnat

Lilongwe
11 Julaye 1993

Esnat, mlongo wanga wa pakamwa ngati tsabola,

Ndili moyo. Melissa ndi ana ali bwino, ndipo akupereka moni kwa adada ndi kwa iwe. Kalata ino ikubwera m'thumba la mayi Ruth, ndiye ndilankhula momasuka.

Philip. Philip. Philip. Waona? Dzinalo silikundiwotcha.

Kalata yanga yoyamba ija sindinalembere iwe, ndinalembera maso ena. Komabe sindinganame, mantha ndinali nawo, ndipo funso lija ndinalifunsa kuchokera pansi pa mtima. Yako ija itafika ndinaiwerenga mu ofesi, pofika pa moni wako kwa bambo wosadziwika uja ndinaseka ndekha, kenako manyazi anandigwira. Ndinayamba kufunsafunsa. Ndinafunsa kwambiri, mpaka bwana wanga anandiitana n'kundiuza kuti ndikapume kunyumba kufikira atandiitananso. Mpaka lero sanandiitane. Sitampa ija unkainyoza anandilanda. Melissa akugulitsa mandasi, ndipo anandiletsa kukuuza kuopa kuti adada amva. N'chifukwa chake tinali zii.

Poti nthawi ndinali nayo, ndinayenda. Wina ananditumiza ku Zomba, wa ku Zomba ananditumiza ku Mulanje. Kumeneko pamsika ndinapeza munthu wa mwendo umodzi akusoka nsapato pakhonde la sitolo. Dzina lake ndi Henderson. Nditangotchula dzina la kwathu, anaika nsapato pansi n'kundigwira dzanja osalisiya. Anali m'gulu limodzi ndi Philip, loperekeza sitima panjanji ya ku Nacala. Yankho la funso langa lija ndalimva. Ndinalira pamsika, anthu akundiyang'ana. Sindilemba pano, chifukwa oyamba kumva ayenera kukhala adada, kuchokera pakamwa pa mwini wake.

Za chikopa, ndikudziwa kuti ng'ombe sizinathe ku Chitipa. Ndinachigula tsiku limene ndinabwerera kuchokera ku Mulanje. Ndinkafuna kuuza adada kuti akunge ng'oma, koma m'njira yoti aliyense womasula mtolowo asapeze chowerenga. Iwo anamva. Iwe wa sukulu ndiwe unalephera.

Henderson wavomera kubwera. Chilambya sadziwa, Chitumbuka sadziwa, ndiye womasulira pabwalo ukhala iweyo. Udzikonzekeretse, si nkhani yopepuka kuinena ndi pakamwa pako. Tidzera ku Karonga, ndipo msewu wa kumapiriwo ukatilola tifika sabata yachitatu ya Ogasiti. Uza a Sichali aitane anthu. A Aaron uwaitanenso, akhale kutsogolo.

Mlongo wako,
Frackson

Ifumbo, Chitipa
22 Ogasiti 1993

Okondedwa alamu a Melissa,

Moni wa kuno ku Ifumbo. Ana ali bwanji? Musadabwe kuona zolemba zanga. Amuna anu ali bwino, koma sangagwire cholembera, manja awo atupa ngati mandasi anu aja. Akhala pamphasa apa akundiuza zoti ndilembe, koma ine ndilemba zanga.

Dzulo anthu anadzadza pamanda a Philip, ena ochokera ku Kameme, ena ku Boma. Sendemule, alamu, imafuna ng'oma zitatu ndi mluzu woitanira ovina. Ng'oma zinalipo zitatu, koma woimba analipo mmodzi, adada, atakhala pampando bulangete lili m'mapewa. A Kayange ndi mphwawo anaima kumbuyo kwa anthu, maso ali pa a Aaron. A Aaron anakhala kutsogolo ndithu, miyendo atapingasa.

A Sichali anaitana mboni. A Henderson anadzuka ndi ndodo zawo, ine ndinaima pambali pawo. Iwo ankanena m'Chichewa, ine n'kumatembenuza.

Anati sitima yawo inapeza njanji itazulidwa pafupi ndi mlatho, ndipo itangoima, zipolopolo zinayamba kugwa kuchokera m'tchire. Iwo mwendo unaphwanyika ali panja, ndipo anagwera m'ngalande pamodzi ndi anzawo ena ovulala. Philip anali atafika kale pabwino, kuseri kwa mabogi. Anamva a Henderson akukuwa, n'kubwerera. Anawabereka kumsana mpaka kusitima. Ataona kuti ena akadali m'ngalandemo ndipo zigawenga zikuyandikira, anatenga mfuti yaikulu n'kukagona nayo pachulu, poonekera, kuti moto wonse ulunjike kwa iye. Anzake anakoka ovulala mmodzimmodzi. Wotsiriza atakwezedwa anamuitana kuti, "Simfukwe, tiye!" Iye anawakupiza ndi dzanja kuti apitirize. Pamene thandizo linkafika anamupeza pachulu pomwepo, chala chili pamfuti.

Alamu, mawu akuti "anamupeza" anandikanika. Ndinatsegula pakamwa katatu. Adada anati, "Nena, mwana wanga." Ndinanena, misozi ikulowa m'kamwa.

Pamenepo a Aaron anaimirira. Akuti munthu uyu ndi wa kummwera, palibe akumudziwa, mwina wachita kugulidwa, mwina mwendowo unadulidwa ndi thalakitala ya ku minda ya tiyi. "Tidziwa bwanji kuti Philip anamuonapo?" Ndinamasulira zonse, osachotsa kanthu. A Henderson anakhala pansi, kukoka chigubu chopanda madzi chimene chinali pamenepo, n'kuyamba kuchiomba ndi zala. Abale inu! Inali sendemule, yathu yeniyeni, ndi kakudumpha kaja adada okha amachita dzanja lamanzere likachedwa pang'ono. Anati Philip ankaimba zimenezi pachigubu akakhala pamsasa, mpaka gulu lonse linaziloweza, ndipo ankati ndi mmene amaimbira bambo ake. A Kayange ndinawaona atagwira pakamwa.

A Aaron sanagonje. "Chabwino, koma nyimbo ya mkango ndi ya wopha mkango. Anapha angati? Mkangowo uli kuti?" A Henderson anati, "Sindinawerenge akufa, bambo. Ndikudziwa amoyo. Tinali asanu ndi mmodzi m'ngalandemo, tonse tili kwathu. Ine mwana wanga wabadwa mu Meyi."

A Sichali anayamba kukanda mutu, akuti nkhaniyi njovuta, akuluakulu akhale pansi kaye aione. Adada sanadikire. Anataya bulangete, kuimirira okha popanda wowagwira, n'kunena kuti, "Ine ndaimbirapo nyimbo imeneyi ndili mnyamata. Sitinkavinira mtembo wa chilombo. Tinkavinira kuti mawa lake amayi apita kumadzi n'kubwerako. Aaron, ngati ukufuna kundimanga, dikira ndimalize." Ndipo anaiomba.

Ng'oma imodzi payokha imamveka ngati munthu woyenda ndi mwendo umodzi, alamu. Inalira yokha kanthawi, anthu akuyang'anana. Kenako ndinangoona jekete likugwa pafumbi. Amuna anu! Anakwinya malaya, kukhala pa ng'oma yachiwiri. Poyamba anaphonya, adada anawayang'ana ndi diso lija, iwo n'kukonza. Ine ndinalanda mluzu m'manja mwa a Sichali n'kuuliza ndi mpweya wanga wonse. A Kayange anakankha anthu, kuthamangira ng'oma yachitatu akutukwana okha. Amayi analulutira, bwalo linazungulira, a Sichali omwewo ndi amene anayambitsa nyimbo. A Henderson anavina ndi ndodo zawo pakati, anyamata atawazinga. A Aaron sindinaone nthawi imene anachoka, ndinangoona mpando uli wokha.

Nyimbo ya mkango ili ndi malo amene woimba ng'oma yaikulu amafuula dzina la ngwazi. Ine ndinkaopa malo amenewo. Atafika, adada anakweza mutu n'kufuula, "Philip! Philip mwana wa Simfukwe!" mawu amene sindinkadziwa kuti akadali nawo m'chifuwa muja. Anthu onse anavomera. Ndinalira, koma sikunali kulira kwa chaka chatha.

Anaimba mpaka dzuwa kupendeka. Ndipo chikopa cha ku Lilongwe chija, ndinanena ine kuti n'chopyapyala! Nyimbo yotsiriza ili pakati chinangoti phwee, kung'ambika pakati penipeni. Amuna anu anadzuka ndi manyazi, akuti mawa akagula china chabwino. Adada anawagwira mkono, akupuma movutika, n'kuti, "Isiye. Chaka chatha ndinaing'amba ine ndi mpeni. Lero waing'amba ndi Philip."

Lero adada sanadzuke pamphasa. Chifuwa chawonjeza, ndipo sindikubisirani, amuna anu achedwerako kuno. Koma akudya, akuseka, ndipo kuyambira m'mawa akhala akuwauza a Henderson nkhani za ubwana wa Philip, ine n'kumamasulira mpaka kukhosi kwauma. Ng'oma ailowetsa m'nyumba, ili kumutu kwawo. Akuti nkhuku zikafune kwina.

Ana muwauze kuti bambo awo aang'ono anali ndani. Akafunsidwa kusukulu asanong'one, anene mokweza.

Ndine mlamu wanu,
Esnat Namfukwe